Tisanawapatse Ana Transista, Tiyambe Tawaonetsa Relay

Aliyense amene adakwerapo galimoto adamva kaphokoso kakuti "tha!" pamene woyendetsa apotoza kiyi, injini isanalire. Koma ndi owerengeka amene amafunsa kuti chikulira n'chiyani. Sitata ya galimoto imakoka magetsi oposa maampu 100, ndipo waya wake ndi wonenepa ngati chala cha munthu. Waya wopita ku kiyi ndi wowonda, kotero kuti magetsi onsewo atadutsa mmenemo, ukhoza kupsa nthawi yomweyo. Tsono kiyi sazungulitsa sitata. Iye amangotuma timagetsi pang'ono ku koyilo, ndipo koyiloyo ndiyo imalumikiza waya wonenepa uja. Imeneyi ndiyo ntchito ya relay: kamphamvu kochepa kulamula mphamvu yaikulu, ziwirizo osakhudzana.

Maganizo anga ndi akuti inu amene mukukonzekera uphunzitsi wa sayansi musafulumire kutengera ana ku matransista ndi timabolodi togula kale, musanawaonetse relay imene apanga okha ndi manja awo. Ndiponso ndikuti m'kalasi ndi m'kalabu ya sayansi, mphamvu yaikuluyo ilekezere pa mavolti 12.

Kupanga kwake sikulira ndalama zambiri. Mutenge msomali wa mainchesi anayi, muukulunge ndi waya wowonda wa mkuwa wokutidwa ndi vanishi, maulendo ngati 200, ndipo mupale vanishi kunsonga zonse ziwiri kuti magetsi alowe. Mukhome msomaliwo pa thabwa. Kenaka mudule kachidutswa ka chitini ndi kukakhomera mbali imodzi kuti mbali inayo ilendewere pamwamba pa mutu wa msomali. Chitinicho chikhale chachitsulo; zitini zambiri za zakumwa ndi za aluminiyamu, ndipo maginito saikoka. Mukalumikiza mabatire awiri a tochi, msomali umasanduka maginito nukoka kachitini, ndipo kachitiniko potsika kamakhudza waya wina ndi kutseka njira yachiwiri, momwe muli batire ya mavolti 12 ndi babu ya galimoto ya mawati 21. Musasiye cholumikiza nthawi yaitali, chifukwa koyilo yotere imatentha ndipo imamaliza mabatire msanga.

Babu ikayaka musayambe kufotokoza. Muitane mwana mmodzi kuti alondole ndi chala njira ya magetsi kuchokera ku mabatire a tochi kukafika ku babu. Adzalondola, adzabwerera, adzayesanso, ndipo potsiriza adzanena yekha kuti njira yotero palibe. Pamenepo mpamene pagona phunziro lonse. Njira ziwirizi sizikumana. Chimene chikuwoloka pakati pawo ndi kukoka kwa maginito kokha.

Alipo anzathu amene amati relay ndi chinthu chachikale. Zoonadi, Joseph Henry wa ku America ankaonetsa ophunzira ake chipangizo chotere cha m'ma 1835, ndipo chidatumikira kwambiri pa mawaya a telegalafu, pomwe timagetsi tofooka tochokera kutali tinkadzutsa batire yatsopano kuti uthenga upitirire. Amanenanso kuti transista ndi yachangu, siilira, ndipo ilibe mbali yoyenda yoti n'kuperepeseka. Zonsezi sinditsutsa. Komatu transista ndi kabulosi kakuda ka miyendo itatu. Mwana sangaone chochitika m'kati mwake, ndipo amangoloweza zimene mphunzitsi wanena. Relay amaiona ikuyenda, amaimva ikulira, ndipo ikakana kugwira ntchito angathe kupeza chifukwa chake ndi maso. Mwana amene wamvetsa relay, tsiku lomuphunzitsa transista mudzangomuuza kuti ndi swichi ya mtundu womwewo yopanda kachitini, koma kuti mwa iyo njira ziwiri zija zimakumana.

Ana akafika pofuna kupanga zinthu zawozawo, monga nyale yoyaka yokha kukada kapena kapampu kothirira mbewu pa batire ya sola, mpamene manambala amafunika. Mwendo umodzi wa Arduino suyenera kutulutsa magetsi oposa mamiliampu 20, pamene koyilo ya relay yaing'ono ya mavolti 5 imafuna pafupifupi 70. Choncho pakati pawo pamakhala transista, monga BC547. Pamafunikanso dayodi, monga 1N4007, yolumikizidwa chobwerera pa nsonga ziwiri za koyilo. Chifukwa chake n'chakuti magetsi akadulidwa mwadzidzidzi, maginito a m'koyilo pozilala amabweza mphamvu ya mavolti ambiri imene imapha transista. Dayodi imapatsa mphamvuyo njira yozungulira mpaka itatha. Mwana akaiiwala, chipangizo chake chikhoza kugwira ntchito kangapo kenaka n'kufa, iye n'kumaganiza kuti adagula chabodza.

Muwazoloweze kuwerenga zolembedwa pamsana pa relay, pakuti safunsa adadya phula. Zambiri zimalembedwa kuti 10A 250VAC ndiponso 10A 30VDC. Afunseni chifukwa chimene nambala yachiwiri yachepera chotero. Magetsi a m'nyumba amasinthasintha mbali, ndipo amadutsa pa ziro maulendo 100 pa sekondi iliyonse, kotero moto wothetheka pamene swichi itseguka umazima wokha. Magetsi a batire sadutsa pa ziro, ndipo motowo umakakamira mpaka kuotcha kapena kumatiratu tizitsulo tokhudzana. Mota nayo poyamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene yathamanga.

Tsono nambala ija ya 250VAC ndiyo imandidetsa nkhawa, chifukwa mwana wochenjera akaiona amaganiza msanga za soketi ya pakhoma, imene kuno ku Malawi imapereka mavolti 230. Relay ingathe kupirira mphamvu imeneyo, koma thabwa la mwanayo, mawaya ake opanda chokutira ndi zala zake sizingapirire. Nyesi yosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a ampu ikadutsa pachifuwa ikhoza kusokoneza mtima. Ena amati mphunzitsi angathe kuonetsa yekha, ana ali patali. Ine ndikukana, pakuti chimene mwana waona mphunzitsi akuchita Lachisanu amakachiyesa Loweruka kwawo, popanda womuyang'anira. Ana athu amayesadi: William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14, napanganso chodulira magetsi cha misomali, waya ndi maginito. Mtima wotero sitiyenera kuuzimitsa, koma tiupatse malire omveka, ndi kunena poyera kuti ntchito ya pakhoma ndi ya mmisiri amene adaiphunzira.

Pa mavolti 12 palinso ngozi yake. Batire ya galimoto mawaya ake akagundana imatulutsa magetsi okwanira kufiiritsa waya, choncho muike fyuzi pafupi ndi batire musanalumikize china chilichonse. Ana akatha kupanga ya msomali, mupemphe relay yakale kwa amakaniko, muchotse chivundikiro chake kuti aone m'kati. Miyendo yolembedwa 85 ndi 86 ndiyo ya koyilo, 30 ndi 87 ndiyo ya katundu wolemera. Muwasiye apeze okha pamene pali msomali wawo ndi pamene pali kachitini.