Khanda Lobvala Zaufumu

Kale makamera asanabwere, mafumu a ku Europe anali kusunga akatswiri ojambula ndi utoto pa mabwalo ao. Ina mwa nchito zao zikuluzikulu inali kujambula ana a mfumu. Sabata ino tiyeni tione cithunzi cimodzi cotere.

Mfumu Henry VIII ya ku England inakhala pa mpando zaka 28 popanda mwana wamwamuna wodzalowa ufumu wake. Anthu anali ndi nkhawa, pakuti anali kukumbukira nkhondo zolimbirana ufumu zimene zinasautsa dzikolo atate ake a Henry asanatenge mpando mu 1485. Tsono mu October 1537 mkazi wake wacitatu, Jane Seymour, anabala mwana wamwamuna dzina lake Edward. Patapita masiku 12 maiyo anamwalira.

Pa tsiku loyamba la caka ca 1539, Hans Holbein, mmisiri wocokera ku Germany, anapatsa mfumu mphatso ya cithunzi ca mwanayo. Edward anali atangopitirira caka cimodzi, koma pa cithunzipo abvala malaya ofiira a manja agolide ndi cisoti ca nthenga. Dzanja lamanja walikweza monga mfumu yolonjera anthu ake, ndipo kumanzere wagwira cisekese cagolide ngati ndodo yacifumu. Pansi pake pali mau a Cilatini olembedwa ndi Richard Morison, olangiza khandalo kuti lidzafanane ndi atate ake.

Kodi khanda losadziwa kulankhula lingamve malangizo otere? Iai. Mauwo analembera akuluakulu. Masiku amenewo ana ambiri anali kufa akali aang'ono, motero masaya onenepa aja anali uthenga kwa nduna ndi alendo wakuti wolowa ufumu alipo ndipo ali bwino.

Koma utoto sucinjiriza moyo. Henry anamwalira mu 1547, ndipo Edward analowa ufumu ali ndi zaka 9, amalume ake, Edward Seymour, namgwirira ulamuliro poyamba. Mu 1553 mnyamatayo anadwala namwalira ali ndi zaka 15, osasiya mwana.

Lero cithunzico cili ku National Gallery of Art mu mzinda wa Washington. Ociona amatama luso la Holbein, koma ife makolo tionepo cinanso: mwana wamasiye amene anasenzetsedwa katundu wa dziko lonse asanadziwe kuyenda bwino. Tisanasenzetse ana athu zofuna zathu, tiyambe taona msinkhu wao.