Majarini Sachepetsa Thupi, Koma Therere Lili ndi Ntchito

Kuyambira pa 1 Januwale 2026, zakudya zambiri za m'mapaketi kuno ku Canada zikuyenera kukhala ndi chizindikiro cha kagalasi kokuzira zilembo ngati zili ndi mchere, shuga kapena mafuta oundana ochuluka. Makolo tayamba kuwerenga mapaketi mosamala, ndipo tikukumananso ndi mawu akuti plant sterols pa majarini ena. Enafe timawatenga ngati mankhwala ochepetsa thupi, pamene ntchito yake ndi ina.

Ma sterol amapezeka mwachilengedwe mu mtedza, nyemba, chimanga ndi mafuta ophikira. Amafanana ndi kolesterolo, choncho m'matumbo amalimbirana naye malo, ndipo wolowa m'magazi amachepa. Mu 2010, Health Canada idalola kuti aziwonjezeredwa m'zakudya. Magalamu 2 patsiku amatsitsa kolesterolo woipa, LDL, ndi pafupifupi 10 peresenti. Koma majarini ndi mafuta basi: tikapaka ambiri, thupi limakula.

Umboni wofunika udachokera mu Toronto mommuno. Mu 2003, Dr. David Jenkins wa ku University of Toronto ndi St. Michael's Hospital adasindikiza kafukufuku wa kadyedwe kotchedwa Portfolio, kophatikiza ma sterol, soya, ma almond ndi zakudya zoterera monga oats, therere lobala ndi mabilingano. M'mwezi umodzi LDL adatsika ndi 29 peresenti, pamene mankhwala a lovastatin adamutsitsa ndi 31. Mu 2011, anthu atapatsidwa malangizo okha n'kumadzigulira chakudya, adatsika ndi 13 peresenti. Mutu umodzi susenza denga: mphamvu ili m'kuphatikiza, komanso m'kulimbikira.

Apa m'pamene ife tili ndi mwayi. Therere, nyemba, nyama ya soya ndi ndiwo zotendera n'zomwe tidakulira, koma ambiri tidazisiya poziona ngati zaumphawi, n'kutengeka ndi soseji ndi zokazinga. Ana athu amaonera ife. Iwo safunika majarini a ma sterol, amene adapangidwira akuluakulu a kolesterolo wokwera. Amafunika kuzolowera ndiwo zamasamba adakali aang'ono.

Amene muli pa mankhwala a shuga, BP kapena kolesterolo, musasiye musanalankhule ndi adokotala. Kolesterolo sapweteka, ndiye tikayezetse magazi. Kenako therere libwerere pa mphika.