Kodi Elizabeth Wake Uti?

Kuno ku nyanja ya Salima, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, anthu akamakamba zakale amakonda kunena kuti Mfumukazi Elizabeth adabwera m'dziko muno katatu. Ana amamva zimenezi, nakazilemba m'makope kusukulu. Ichi n'cholakwa, abale, ndipo si cholakwa chaching'ono ai.

A Elizabeth adalipo aŵiri, mai ndi mwana wake. Maiyo adabadwa mu 1900, nakwatiwa ndi amene adadzakhala Mfumu George VI ya ku Mangalande. Iye sadalamulepo dziko. Ife Acheŵa sitiyenera kuvutika nazo zimenezi, pakuti ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka pompa, Kalonga adali ndi mkazi wake Mwali, adalinso ndi mai wa ufumu, Nyangu. Elizabeth wamkuluyu adayamba ngati Mwali. Mwamuna wake atamwalira mu 1952 adasanduka ngati Nyangu. Mpando udagwera mwana wake wamkazi, wobadwa mu 1926, amene adaukhala kufikira imfa yake mu 2022. Kapena chimatisokoneza ndi mwambo wathu womwe, poti kwathu kuno woloŵa dzina amaloŵanso udindo wa mwini dzinalo. Kwa aŵiriŵa sizidali choncho.

Amene adafika ku Nyasaland mu 1957 ndi mu 1960 ndi maiyo, ndipo malo aja a pa phiri la Zomba otchedwa Queen's View amakumbutsa iyeyo. Adadza m'masiku a Chitaganya chimene makolo athu adachikana kwamtuwagalu. Ulendo wa 1960 udachitika misozi isanaume, asilikali ataombera anthu pa doko la Nkhata Bay pa 3 Marichi 1959. Mwanayo adadzaponda dziko lino mu Julaye 1979, popita ku msonkhano wa Commonwealth ku Lusaka. Apo n'kuti ali mlendo chabe, chifukwa ufumu wake pa Malaŵi udatha pa 6 Julaye 1966.

Ena adzati, nanga zili n'kanthu, si onse a nyumba imodzi? Zili n'kanthu ndithu! Wosakaniza maulendo atatuŵa akufafaniza chaka cha 1964. Akuyesa amodzi anthu amene adandanda m'mbali mwa mseu ngati olamulidwa ndi anthu amene adalandira mlendo m'dziko laolao. Akusokonezanso mwini mpando: Chitaganya chonse, kuyambira 1953 mpaka 1963, chidakhala pansi pa chisoti chachifumu cha mwanayo, amene nthaŵi imeneyo sadafike n'komwe kuno, osati cha mai womwetulira uja amene agogo athu adamuombera m'manja.