Singano ikaima, kamera sinafe

M'nyumba zina ku Ntaja, ku Liwonde ndi pa Balaka muli makamera a filimu amene akugona m'sutikesi kunsi kwa bedi. Eni ake anali ojambula oyenda panjinga aja, amene ankapezeka pa ukwati, pa Idi, ngakhale tsiku lotuluka anyamata ku jando. Mafoni anawalanda msika, zimenezo sitikana. Chondiwawa ine ndi zomwe adzukulufe timachita tikaitulutsa kamerayo: timasuzumira, n'kuona kasingano koyezera kuwala sikakugwedezeka, basi tagamula kuti yafa, n'kupatsa ana aziseweretsa. Kugamula kotereku n'kwa ulesi.

Titenge Pentax K1000, yomwe inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997. Batire lake, kakang'ono ka LR44 konga ka m'makakyuleta, limangoyendetsa mita yokha. Shata imayenda ndi masipuling'i. Mita ilibenso switchi: mukaiwala kuvundikira lenzi, batire limangotha lokha. Likakhalitsa m'menemo, ndi kutentha ndi chinyezi cha ku Liwonde kuja, limatuluka zoyerayera zomwe zimadya kachitsulo ndi kawaya. Kathonje koviika mu viniga pang'ono kamachotsa zoyerazo, bola musathire m'kati.

Singano ikamadumphadumpha mukamapotokola kagudumu ka ASA ndi liwiro la shata, kawirikawiri ndi litsiro pa kanjira kamene kachitsulo kamakwecha kunsi kwake. Kupotokola uku ndi uku kangapo nthawi zina kumathandiza. Zikakanika, m'pofunika munthu wa dzanja lofatsa.

Munthuyo alipo. K1000 ya amalume anga inakonzedwa ndi bambo wina wokalamba wokonza mawotchi pa msika wa Balaka, amene anali asanatsegulepo kamera chibadwire. Anamasula chakunsi, napeza kawaya kochokera ku batire kataduka ndi dzimbiri, nakawotcherera. Nditawafunsa kuti, "Bambo, amene mukumuphunzitsa ntchitoyi ndani?" anangoseka. Anyamata onse ali ku mafoni, kumene ambiri ntchito ndi kuchotsa sikirini yosweka n'kuikapo ina. Apa ndi pamene pali nkhawa yanga: zipangizo zidakalipo, koma manja odziwa kufufuza vuto ndiwo akutha, ndipo ife a ku yunivesite timalemba nkhani zitalizitali za chuma chosataya zinthu osakhalapo ngakhale tsiku limodzi pa tebulo la anthu oterewa.

Pali misampha iwiri. Makamera ngati Minolta SR-T 101 ndi Olympus OM-1 ankagwiritsa batire la mercury la 1.35V lomwe analetsa kupanga. Mukaikamo la 1.5V singano imayenda, koma imanama. La zinc-air la zothandizira kumva, la 1.4V, ndilo limayandikira. Ndipo Zenit-E ya ku Soviet Union ilibe batire n'komwe, mita yake ndi ya selenium yomwe imafooka ndi ukalamba. Imeneyo musavutike nayo.

Ngakhale mita itaferatu, kujambula kumatheka. Dzuwa likamaswa mtengo, ikani f/16, liwiro likhale loyandikana ndi nambala ya filimu: filimu ya 100, liwiro 1/125. Kukachita mitambo tsegulani mpaka f/8, pansi pa mtengo wa mango f/5.6 kapena f/4. Foni yomwe ili m'thumba mwanuyo ingathenso kuyeza kuwala.

Mnzanga wina amati zonsezi n'zachibwana cha ana a sukulu, poti filimu ndi yodula komanso yosowa, ndipo kotsukitsa n'kovuta kupeza. Akunena zoona, ine ndemwe sindingakwanitse kujambula mwezi ndi mwezi. Koma kudula kwa filimu ndi nkhani ina, kutaya kamera yamoyo chifukwa cha kawaya kamodzi ndi nkhani inanso. Mukapita kumudzi holide ino, tsegulani sutikesi ija, ndipo choyamba chotsanimo batire lakalelo lisanadye zambiri.