Kachilombo sikafunsa zomwe timakhulupirira

Mwezi wathawu tinaika m'manda mayi wina wa mu mphakati wathu. Dzina lake ndilisunga, chifukwa ana ake akadali ndi misozi. Mayiyu anamwa ma ARV kwa zaka zambiri ndipo anali wathanzi, wolima dimba lake, wosajomba pa ntchito yosesa m'tchalitchi Loweruka. Kenaka anayamba kupita ku mapemphero ena a usiku, komwe mlaliki anamusanjika manja n'kumuuza kuti wachira, ndipo kuti kupitiriza kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu. Botolo analitaya m'chimbudzi. Sipanapite nthawi yaitali, ife tinali pakhomo pake kuphika nsima ya anamfedwa.

Chomwe chandilembetsa nkhaniyi ndi mawu amene ndinawamva pamoto pomwe tinkaphikapo. Mayi wina anadandaula kuti malemuwa akanapitiriza mankhwala bwenzi alipo. Mnzathu wina anamudula: "Iyayi mayi, tisaweruze. Aliyense ali ndi choona chake. Kwa iwowo anali atachira." Ambiri anavomera ndi mutu. Ine ndinangokhala chete, ndipo chete ameneyo akundivutabe mumtima mpaka lero.

Mawu akuti aliyense ali ndi choona chake amamveka achifundo ndi odzichepetsa. Amathetsa mkangano, ndipo palibe amene amachoka atakhumudwa. Koma amayi anzanga, ine ndikuti mawuwa ndi olakwika, ndipo pa nkhani za umoyo amapha. Ngati malemu aja analidi ndi choona chawochawo, bwanji tinawaika m'manda? M'magazi mwawo munali yankho limodzi lokha. Kachilombo kanalipo kapena kanalibe, ndipo sikanayambe kafunsa zomwe mwini thupi ankakhulupirira.

Zilipo zinthu zomwe zimadaliradi munthu mwini. Wina amakonda nkhwani wotendera, wina chisoso. Wina amapemphera bwino m'mamawa, wina usiku ana atagona. Apa palibe wolondola kapena wolakwa. Koma pali zinthu zina zomwe zili momwe zilili, kaya tizikonde kaya tizikane. Mayi amene wayika mchere mu tiyi akukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi shuga, tiyiyo adzawawa basi. Tikamagula chimanga pamsika timafuna sikelo yolondola, ndipo wogulitsa atatiuza kuti kwa iye thumba la makilogalamu 40 ndi la 50, sitinganene kuti ndi choona chake. Timati watibera. Nanga bwanji pa nkhani ya moyo wa munthu timalola zomwe pa thumba la chimanga sitingalole?

Tiyeni tione momwe mankhwalawa amagwirira ntchito, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amasocheretsedwa. Ma ARV sapha kachilombo ka HIV konse m'thupi. Amakatsekereza kuti kasaswane. Munthu akamamwa mokhulupirika tsiku lililonse, tizilombo timachepa kwambiri m'magazi, mpaka poyeza kuchuluka kwake, komwe kuchipatala amati viral load, makina satha kutiona. Iyi ndi nkhani yabwino zedi: chitetezo cha m'thupi chimabwerera, munthu amanenepa, amagwira ntchito, ndipo sapatsira mwamuna kapena mkazi wake. Koma kachilomboka kamakhala katabisala m'zigawo zina za thupi. Munthu akasiya mankhwala, pakangopita masabata ochepa kamayambanso kuswana. Iye amaonekabe wathanzi kwa miyezi ingapo, amaimirira pagulu kuchitira umboni kuti wachira, pamene mkati chiswe chikudya mzati. Chifuwa chachikulu kapena matenda oumitsa khosi akamafika, thupi limakhala lilibe asilikali. Ndipo amene amamwa modumphadumpha amapatsa kachilomboka mpata wozolowera mankhwala, kotero kuti sagwiranso bwino ntchito.

Dziko lathu linayesapo kale njira ya kungokhulupirira. Amene muli achikulire mukukumbukira chaka cha 1995, pamene anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa bambo Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mankhwala a Edzi. Anthu anapita pa malole ndi pa mabasi, ophunzira ndi osaphunzira omwe, ali ndi chikhulupiriro chachikulu. Maliro sanachepe. Zinthu zinayamba kusintha boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Kuyambira 2011, amayi oyembekezera amene apezeka ndi kachilombo anayamba kupatsidwa mankhwalawa kwa moyo wawo wonse, ndipo ana ambiri akubadwa opanda kachilombo. Amene anamwa mchape sanali ndi chikhulupiriro chochepa kuposa amene akumwa ma ARV lero. Kusiyana kwake n'kwakuti chimodzi chinali choona, china ayi.

Ndikudziwa funso lomwe lili m'mitima ya ena: kodi ndiye kuti Mulungu sachiritsa? Amachiritsa, ndipo ine ndimakhulupirira zimenezo. Koma taonani momwe Mpingo wathu umachitira ndi zozizwitsa. Ku Lourdes, m'dziko la France, komwe Amayi Maria anaonekera kwa Bernadette mu 1858, kuli ofesi ya madokotala yomwe ntchito yake ndi kufufuza aliyense wonena kuti wachira. Amaona mapepala a kuchipatala a munthuyo asanachire, amamuyezanso, n'kudikira zaka kuti aone ngati matenda sabwerera. Mwa anthu oposa 7,000 amene ananena kuti achira, Mpingo wavomereza oposa 70 pang'ono okha kuti ndi zozizwitsa. Sikuti enawo ananama kapena kuti Mpingo ulibe chikhulupiriro. Mpingo umadziwa kuti ntchito ya Mulungu siopa kuyezedwa. Ngakhale Ambuye Yezu, mu Mthenga Wabwino wa Luka mutu 17, anatumiza akhate khumi aja kwa ansembe, omwe pa nthawiyo ndiwo anali ndi udindo woona ngati khate lathadi. Choncho mlaliki amene akuletsa munthu kukayezetsa, kapena kumuuza kuti ataye mankhwala, sakutsata njira ya Yezu.

Papa John Paul II, yemwe anatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, analemba kalata yotchedwa Fides et Ratio mu 1998. Mfundo yake ndi yakuti chikhulupiriro ndi nzeru za munthu sizilimbana, chifukwa zonse zimachokera kwa Mulungu mmodzi ndipo zimafunafuna choona chimodzi. Amene analenga mzimu wathu ndi yemweyo analenga magazi athu, n'kupatsa anthu nzeru zowayeza. N'chifukwa chake amishonale ndi masisitere pomanga matchalitchi anamanganso zipatala monga za ku Likuni, Mua ndi Nguludi. Wansembe akamadzoza wodwala mafuta oyera sachotsa diripi pamkono.

Ndipo tiganizire bwino: mawu akuti aliyense ali ndi choona chake amagwetsanso chikhulupiriro chathu chomwe. Tikamanena pa Misa kuti Yezu anauka kwa akufa, sitikutanthauza kuti anauka kwa ife tokha amene tikumva choncho mumtima. Tikunena kuti zinachitikadi. Chikhulupiriro sichipanga choona. Chimagwira choona chomwe chilipo kale, monga momwe chidebe chimatungira madzi omwe ali m'chitsime. Chitsime chikakhala chouma, kukula kwa chidebe sikuthandiza.

Mnzathu uja anali ndi mfundo imodzi yomwe sindingaikane. Sitiyenera kuweruza mtima wa munthu. Malemu aja sanali opusa. Anatopa ndi kumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, anatopa ndi kuyenda mtunda wautali kukatenga mankhwala, mwinanso anatopa ndi manong'onong'o a ife tomwe. Mpingo umaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe pa za chipembedzo, ndipo chikumbumtima cha aliyense n'choyenera ulemu. N'zoonanso kuti achipatala nawo amalakwitsa, ndipo ena amalankhula mokalipa mpaka wodwala kuopa kubwererako. Koma kulemekeza munthu n'kosiyana ndi kuvomereza ganizo lomwe likumupititsa kumanda. Dokotala akalakwitsa timafuna wina ayezenso, ndipo potero timavomereza kuti yankho lolondola lilipo. Mwana akamathamangira ku chitsime chosatseka sitinena kuti ali ndi maganizo ake. Timamugwira mkono.

Tsono ife a bungwe la amayi tichitepo chiyani? Ndife amene timalowa m'nyumba za odwala kuposa ansembe ndi anamwino. Tikapita kukazonda matenda, titatha kupemphera kolona, tifunse mwaulemu ndi mwamseri ngati mnzathu akumwabe mankhwala ake. Wina akatiuza kuti wachira, tisamuseke, komanso tisangoti ameni. Timuuze kuti, "Tiyamike Mulungu, mayi, koma musasiye mankhwala. Mawa ndikuperekezani kuchipatala tikamve kwa adokotala." Amene anasiya kale timulimbikitse kubwerera msanga, chifukwa amalandiridwanso n'kuyambiranso mankhwala. Zomwezi zikhudzanso amene akumwa mankhwala a BP, a shuga, a khunyu ndi a TB. Mauthenga a pa WhatsApp onena za madzi kapena mafuta ochiza matenda onse tisawatumize kwa anzathu tisanafunse azaumoyo a m'dera lathu, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo chinsinsi cha mnzathu tichisunge, chifukwa miseche yathu ndi imene imathamangitsira ena kwa alaliki olonjeza kuchira kwa tsiku limodzi.

Ine ndinadziwa kuti malemu aja asiya mankhwala. Anandiuza okha tikuchokera ku mphakati, nkhope ili yowala ndi chimwemwe. Ndinaopa kuwakhumudwitsa, ndinaopa kuoneka ngati wopanda chikhulupiriro, ndiye ndinangoti Mulungu ndi wamkulu. Lero mwana wawo wamng'ono akukhala ndi agogo ake, ndipo madzi akatayika saoleka. Ndikanakonda akanandikwiyira chaka chathunthu koma ali moyo. Mu mphakati wanu mwina muli mayi wina amene botolo lake latsala pang'ono kutayidwa. Mukamuone sabata ino.