Ife tikuwomba m'manja, ubongo wake ukukha magazi

Pa 5 June 2022 ku Durban, mnyamata wa zaka 24, Simiso Buthelezi, anali mu raundi ya 10, yomaliza, akulimbirana lamba ndi Siphesihle Mntungwa. Mntungwa anagwera m'zingwe. Woimbira atawauza kuti nkhonya ipitirire, Buthelezi anatembenuka, nalunjika kukona kopanda munthu, n'kuyamba kuponya zibakera m'malere. Kanemayo anazungulira m'mafoni ngati moto wolusa. Ambiri anafa nacho chiseko, ena n'kumati amulodza. Patangopita masiku ochepa mnyamatayo anamwalira m'chipatala, ndipo madokotala anapeza kuti magazi ankakha muubongo mwake.

Tinaseka munthu akufa. Ndipo tidzasekanso, chifukwa ambirife sitifuna n'komwe kudziwa chimene chimachitika m'mutu mwa munthu chibakera chikatera.

Aliyense amene anaswapo mutu wa mbuzi akudziwa kuti ubongo ndi wofewa bwanji: umaphwanyika ndi chala chokha. Wa munthu ndi chimodzimodzi, wolemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, woyandama m'timadzi mkati mwa chigaza cholimba. Mutu ukagwedezeka mwadzidzidzi, chigaza chimatsogola, ubongo n'kutsalira, kenako n'kukamenyetseka m'fupa. Choopsa kwambiri ndi kupotokola. N'chifukwa chake ankhonya amasaka chibwano ndi nsagwada: chibwano chili patali ndi pomwe mutu umakhotera pakhosi, ndiye chibakera chochokera m'mbali chimazunguza mutu wonse msangamsanga. Ubongo umapindika, timitsempha tosaoneka ndi maso tonyamula mauthenga timakokeka. Michere ya potaziyamu imatayikira kunja kwa maselo, kashiamu n'kulowa mkati mosefukira, maselo onse n'kuyaka nthawi imodzi mopanda dongosolo. Kunsi kwa ubongo, pomwe umalumikizana ndi msana, kuli gawo lomwe limachititsa munthu kukhala maso. Likasokonezeka, miyendo imalefuka, munthu n'kugwa osadzitchinjiriza n'komwe. Nthawi zambiri mutu umakamenyanso pansi kachiwiri.

Chimenecho ndiye timachitcha "nokauti" n'kudumphira m'mwamba. Ndi kuvulala kwa ubongo, palibe dzina lina.

Tsono taonani bodza lomwe tinalizolowera. Woimbira amawerenga mpaka 10. Munthu akadzuka pa 8, n'kukweza manja, n'kugwedeza mutu kuti ali bwino, akuti wachira. Ndani anakuuzani kuti ubongo umapola pa masekondi asanu ndi atatu? Maselo osokonezekawo amatenga masiku, mwina masabata, kuti abwerere m'chimake, ndipo nthawi yonseyi amakhala akusowa mphamvu. Kumenyedwanso kachiwiri m'nyengo imeneyo kumavulaza koposa, ndipo kwa achinyamata ena ubongo umatupa mwadzidzidzi mpaka imfa. Komanso ambiri mwa ovulala ubongo mwanjira imeneyi sakomoka n'komwe. Amaima chilili, maso ali gwa, akuyenda, akuyankhula, koma m'mutu muli mdima.

Pa fainolo ya World Cup ya 2014 ku Maracanã, Christoph Kramer wa Germany anawombana ndi phewa la Ezequiel Garay wa Argentina. Anamuyang'anayang'ana pang'ono n'kumubwezera m'bwalo. Woimbira, Nicola Rizzoli, anadzaulula pambuyo pake kuti Kramer anabwera kudzamufunsa ngati masewerawo anali fainolo. Munthu sakudziwa komwe ali, koma anathamangabe pafupifupi mphindi 15 asanamutulutse ali dzandidzandi. Izi zinachitika pamaso pa dziko lonse, madokotala odula ali pambali pa bwalo. Nanga pabwalo lafumbi lakwathu kuno, pomwe chipatala chonse ndi botolo la madzi ndi thaulo?

Mwambo wake tikuudziwa. Awiri alumphira mpira umodzi, mitu yawombana, wina wagona chagada. Akubwera munthu akuthamanga, kumuthira madzi kumutu, kumuwomba timbama, kumukupiza ndi jezi. Akatsegula maso, kochi akukuwa: "Dzuka iwe, ndiwe mwamuna!" Ochemerera nawo akuimba. Mnyamata adzuka, chifukwa akuopa kutchedwa wamantha, akuopanso kuluza malo mu timu. Kumufunsa iyeyo ngati angapitirize n'kupusa kwenikweni, pakuti chiwalo chomwe chiyenera kuganiza yankho ndi chomwe chavulalacho.

Chimene chimapha msanga ndi magazi. Pakati pa ubongo ndi chikopa chake cholimba pali timitsempha ta magazi todutsa. Mutu ukapotokoka mwamphamvu timaduka, magazi n'kuyamba kuunjikana. Chigaza sichifutukuka. Magaziwo alibe kolowera, ndiye amakanikiza ubongo pang'onopang'ono mpaka kuukankhira kunsi, komwe kuli gawo loyendetsa kupuma. Palinso mtsempha wina wodutsa cha m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, pomwe fupa ndi lopyapyala. Umenewo ukang'ambika, munthu amatha kukomoka pang'ono, kudzuka, kucheza bwinobwino kwa maola angapo, kenako mutu kuyamba kuwawa, kusanza, kusinza, osadzukanso. Abale amati, "Koma anafika yekha pakhomo, anadya nsima." Inde anadya. Magazi anali akukha.

Mu July 2019 ku Maryland, kochi Buddy McGirt anayang'ana wankhonya wake Maxim Dadashev itatha raundi ya 11, namuchonderera kuti alole kusiya. Dadashev sankafuna. McGirt anaimitsabe nkhonyayo. Potuluka m'bwalo mnyamatayo analephera kuyenda, nayamba kusanza. Anamuchita opaleshoni, koma anamwalira patapita masiku anayi, ali ndi zaka 28. Ngati kochi amene anaimitsa nkhonya anatayabe munthu, nanga uyo amene amaumirira thaulo m'manja poopa kuti omwe alipira pakhomo akwiya, timutchule dzina lanji?

Pali imfa inanso, ya pang'onopang'ono, yosajambulidwa pa kanema. Kale mu 1928 dokotala Harrison Martland wa ku New Jersey analemba za ankhonya akale oyenda dzandidzandi ndi oyankhula mododoma ngati oledzera, asanalawe ngakhale dontho. Mu 2002 Bennet Omalu, dokotala wochokera ku Nigeria, anapima ubongo wa Mike Webster, katswiri wa mpira wa ku America, ku Pittsburgh, napezamo zizindikiro za nthenda yomwe lero imatchedwa CTE. Akuluakulu a masewerawo anamunyoza ndi kufuna kuti zomwe analemba zichotsedwe. Chaka chomwecho ku England kunamwalira Jeff Astle wa West Bromwich Albion, katswiri wa mpira wamutu, ali ndi zaka 59, nzeru zitasokonekera, ndipo wofufuza za imfa anagamula kuti inali nthenda yobwera ndi ntchito yake. Mu 2019 akatswiri a ku Glasgow anafufuza mbiri ya osewera mpira akale a ku Scotland oposa 7,000, napeza kuti iwo ankafa ndi matenda owononga ubongo kuposa anthu ena mowirikiza katatu ndi theka. Umboni ulipo kuyambira nthawi ya agogo athu. Chosowa ndi manyazi.

Ndikuwamva kale ena akuti, "Nkhonya ndi nkhonya, analowa yekha, ndipo ikudyetsa banja lake." N'zoona, ndipo sindikunena kuti nkhonya kapena mpira zithe. Koma musandiuze kuti palibe chochita. Duk Koo Kim atamwalira mu 1982 atamenyana ndi Ray Mancini ku Las Vegas, bungwe la WBC linatsitsa maraundi a lamba kuchoka pa 15 kufika pa 12. Michael Watson atagwa mu 1991 ku London pomenyana ndi Chris Eubank, thandizo linachedwa, ndipo anakhala chikomokere masiku 40. Anasumira bungwe loyendetsa nkhonya ku Britain, khoti n'kugamula kuti bungwelo linalephera udindo wake. Mu 2024 malamulo a mpira anavomereza kuti mpikisano ukhoza kulola timu kusintha wosewera woganiziridwa kuti wavulala ubongo popanda kumuwerengera pa osinthidwa ena. Zonsezi zinabwera anthu atafa kapena kulumala, ndipo palibe chimodzi chomwe chinapha masewera.

Wokonza nkhonya amene ali ndi ndalama ya zokuzira mawu, ya oimba ndi ya mapositala, koma alibe ya dokotala ndi ambulansi yodikira pakhomo, asapatsidwe chilolezo. Wokomoka m'bwalo asaloledwe kumenyananso kapena kuyeserera mpaka papite masabata ndipo dokotala amuone. Kochi wa timu ya sukulu amene wabwezera m'bwalo mwana wosadziwa kuti ali kuti, achotsedwe. Ndipo inu bambo ndi mayi, mwana akabwera kunyumba atamenya mutu, kaya ku mpira, kaya wagwa pa kabaza wopanda helemeti, musangomupatsa panado n'kumuuza akagone. Akamasanza, akamasinza mosadzutsika, akamabwereza funso limodzimodzi, mutu ukamawawirawawira, kamwana ka diso limodzi kakakula kuposa kinzake, kapena mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zikalefuka, nyamukani usiku womwewo. Opaleshoni yotsegula chigaza n'kuchotsa magazi imapulumutsa anthu, koma imachitika m'zipatala zikuluzikulu zokha, ndipo kwa ambiri aife ulendo wokafika kumeneko umadya maola omwe wovulalayo alibe.