Luso la Uphunzitsi, Gawo Lachitatu: "Kodi Mwamva?"

Munthu wodutsa pafupi ndi sukulu ya pulayimale m'mawa, dzuwa lisanatenthe, safunika kulowa m'kalasi kuti adziwe zimene zikuchitika m'menemo. Amamva liwu limodzi likufunsa kuti, "Kodi mwamva?" ndipo ana 80 kapena 100 amayankhira pamodzi, mokweza ndi mokondwa, kuti, "Eee, aphunzitsi!" Liwu lija limafunsanso ngati alipo amene ali ndi funso, ana nayankha kuti palibe. Kenaka bolodi limafufutidwa, phunziro lina n'kuyamba, ndipo wam'njira uja amapitiriza ulendo wake ali wokhutira kuti ana a mudziwo akuphunzira.

Gawo lapitalo lidanena za kukonzekera phunziro. Gawo lino likunena za chinthu chimene anyamata ndi atsikana amene atsiriza Folomu 4, naika mtima pa kulowa koleji ya aphunzitsi, ayenera kuchisinkhasinkha asanagwire choko, ndicho njira yodziwira ngati mwana wamvadi. Mphunzitsi akhoza kulankhula zoona, momveka bwino ndi m'dongosolo lake, koma ngati sadziwa chimene chatsala m'mutu mwa mwana, ali ngati mlimi wofesa usiku amene sabwereranso kumunda kukaona ngati mbewu zamera.

Mawu akuti "Kodi mwamva?" amaoneka ngati funso, komatu yankho lake ndi limodzi lokha, ndipo mwana aliyense amalidziwa asanafunsidwe. Mwana woleredwa bwino adaphunzitsidwa kwawo kuti wamkulu satsutsidwa. Kunena kuti "sindinamve" kumamveka kwa iye ngati kuuza aphunzitsi kuti alephera kufotokoza, ndiponso n'kudzivula pamaso pa anzake amene akuoneka ngati amva. Motero amabisala m'mawu a gulu. Pa ana 100 ofuula aja, mwina 20 amvadi, ena amva theka, ena akungotsata milomo ya anzawo, ndipo ena maganizo ali pa phala la nthawi yopuma. Onsewa amatulutsa liwu lofanana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Si bwino kufulumira kunyoza aphunzitsi amene amachita zimenezi, pakuti chizolowezichi chili ndi kumene chidachokera. M'chaka cha 1994, boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ana chidakwera m'chaka chimodzi kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Padalembedwa aphunzitsi atsopano pafupifupi 22,000, ambiri a iwo asanaponde pakoleji, ndipo maphunziro a MIITEP, owasula iwowa ali kale pantchito, adayamba mu 1997. Mnyamata woponyedwa m'kalasi la ana 120 pansi pa mtengo, wopanda mabuku okwanira, adagwira chida chimene adachipeza pafupi, ndicho njira imene aphunzitsi ake adamuphunzitsira iye: wamkulu anena, ana abwereza. Njirayi imasonkhanitsa ana ambiri pamodzi, imaletsa phokoso losokoneza, ndipo ili ndi malo ake enieni. Malembo a a, e, i, o, u, masiku a pasabata ndi matebulo a masamu amalowezedwa bwino ndithu mwa kuimba pamodzi. Vuto limabwera pamene mphunzitsi ayesa kuti kuimbako kwamuuza zimene mwana aliyense akudziwa.

Chitsanzo cha masamu chionetsa bwino nkhaniyi. Mphunzitsi wafotokoza kuchotsera kobwereka, ana avomera kuti amva, ndipo iye walemba pabolodi 42 kuchotsa 17. Yankho lake ndi 25, koma m'makope ambiri mudzapezeka 35. Mphunzitsi wothamanga amangoika mtanda wofiira napitirira. Wodekha amaitana ana awiri mwa olemba 35 aja n'kufunsa aliyense kuti, "Wapeza bwanji?" Woyamba adzati anaona kuti 7 sangachoke mwa 2, ndiye anatembenuza n'kuchotsa 2 mwa 7 napeza 5, kenaka anachotsa 1 mwa 4 napeza 3. Wachiwiri adzati anabwereka, 2 uja n'kukhala 12, nachotsa 7 n'kupeza 5, kenaka nayenso anachotsa 1 mwa 4 napeza 3. Yankho ndi limodzi, koma matenda ndi awiri. Mwana woyamba sanamve konse za kubwereka. Wachiwiri wamva, koma waiwala kuti pamene pabwerekedwa pamachepa, ndi kuti 4 uja tsopano ndi 3. Kubwereza phunziro lonse kwa onse awiri n'kumwetsa mankhwala amodzi wodwala mutu ndi wodwala m'mimba.

Mwana woyambayo afunika timitengo m'manja: mitolo 4 ya timitengo khumikhumi ndi timitengo 2 tapadera. Akauzidwa kuti apereke 7, adzaona yekha kuti sizitheka popanda kumasula mtolo umodzi, ndipo akamasula adzaona ndi maso ake kuti mitolo yatsala 3. Uku ndiko kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pamalo, kumene m'makoleji amakutcha TALULAR, ndipo sikulira ndalama. Wachiwiriyo afunika kungokumbutsidwa kudula 4 ndi kulemba 3 pamwamba pake. Ndipo mphunzitsi amene sangathe kuitana mwana mmodzimmodzi chifukwa cha kuchuluka kwawo ali nayo njira ina. Apereke samu ya 42 kuchotsa 19. Ana otembenuza aja adzalemba 37, oiwala kuchepetsa adzalemba 33, ndipo amene amvadi adzalemba 23. Samu imodzi yosankhidwa mwanzeru yagawa kalasi lonse patatu, mphunzitsi n'kudziwa amene ayambe nawo mawa.

Pa kuwerenga zili chimodzimodzi. Alipo ana amene amatha kunena tsamba lonse la buku popanda kuphonya liwu, chala chikuyenda pansi pa mizere, koma akalozeredwa liwu limodzi pakati pa tsambalo, kapena likalembedwa lokha pabolodi, amangoti kakasi. Tsambalo adaliloweza ngati nyimbo. Mphunzitsi wofuna kudziwa zoona amasintha dongosolo la mawu, amaphimba chithunzi, kapena amalumikiza maphatikizo odziwika kale kuti apange liwu limene mwanayo sadalionepo.

Funso labwino likhoza kuonongeka ndi kafunsidwe. Aphunzitsi ambiri amayamba ndi dzina la mwana, funso pambuyo. Dzina likangotchulidwa, ana ena onse amapuma, popeza adziwa kuti mtolowo wagwera wina. Funso liyenera kutsogola, kalasi lonse lilisenze, dzina libwere pomalizira. Ndipo dzinalo lisakhale nthawi zonse la ana a kutsogolo aja amene amaimika mikono, kuliza zala ndi kufuula kuti, "Ine aphunzitsi! Ine aphunzitsi!" Anawa ndi okondweretsa, ndipo mphunzitsi watsopano amawakonda chifukwa amamupulumutsa ku manyazi a kalasi lachete. Koma akawatsata, teremu imatha akuphunzitsa ana 10, ena 90 ali alendo m'kalasi mwawo momwe. Kawirikawiri otsalirawo ndi a kumbuyo, obwereza kalasi, osamva kapena osaona bwino, ndi atsikana amene ayamba kusinkhuka nachita manyazi kuimirira pamaso pa anyamata.

Pakati pa funso ndi dzina payenera kukhala kachete, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amalephera. Mayi Mary Budd Rowe a ku America, katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi, adamvetsera matepi ambiri ojambulidwa m'makalasi, ndipo zimene adapeza adazifalitsa mu 1972 ndi mu 1974. Adapeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenaka amabwereza funsolo, amaloza mwana wina, kapena amadziyankha yekha. Aphunzitsi ataphunzitsidwa kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana adatalika, ana ambiri adayamba kuyankha, mawu akuti "sindikudziwa" adachepa, ndipo ana amene ankayesedwa ogona adayamba kulankhula. Mayiwa adaonanso kuti kudikira pang'ono mwana atatha kuyankha kumam'patsa mpata woonjezera ndi kupereka chifukwa cha yankho lake.

Kafukufukuyu adachitika kutali, m'makalasi a ana ochepa, koma phunziro lake likukhudza kwambiri mwana wa ku Malawi wa m'makalasi apamwamba a pulayimale, amene amamva funso m'Chingerezi, naliganiza m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, nafunanso mawu a Chingerezi oti ayankhire. Ulendo wonsewu sungathe m'sekondi imodzi. Masekondi atatu amaoneka ochepa pawotchi, koma kwa mphunzitsi woima pamaso pa ana ali duu amatalika ngati chaka, ndipo mtima umamuuza kuti phunziro lafa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira uphunzitsi ayenera kudzizoloweza kuwerenga chamumtima mpaka kasanu asanatchule dzina, kufikira kachete kameneka katasiya kumuopsa.

Wina adzati zonsezi n'zotheka m'kalasi la ana 30, osati la ana 100. N'zoona kuti ngakhale chiwerengero cha ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, chimene boma lidadziikira ngati cholinga, n'chachikulu, ndipo makalasi ambiri a Sitandade 1 ndi 2 amachiposa. Komabe zilipo njira zoonera ana ambiri nthawi imodzi. Aliyense alembe yankho pasileti kapena pakapepala, ndipo onse akweze pamodzi mphunzitsi akapereka chizindikiro. Ngati kalasi lili panja, alembe pansi ndi chala, mphunzitsi nayenda pakati pawo. Ana akhoza kuuzana yankho awiriawiri, kenaka mmodzi n'kufunsidwa zimene mnzake wanena. Pakutha pa phunziro mphunzitsi sangachonge makope 100, koma akhoza kutola 10, ena a kutsogolo, ena a pakati, ena a kumbuyo, n'kuona kulakwa kumene kwabwerezedwa. Mafunso awiri kapena atatu oyesera ngati ana amva ayenera kulembedwa m'chikonzekero cha phunziro usiku wake, pamodzi ndi mayankho olakwa amene akuyembekezeka, chifukwa funso lopekedwa mwadzidzidzi pamaso pa ana kawirikawiri limatuluka losafuna kuganiza.

Njira zonsezi zimagwa ngati mwana aopa kulakwa. M'makalasi ambiri wokhoza amaomberedwa m'manja, wolakwa amasekedwa, amaimitsidwa mpaka phunziro litatha, kapena amatchedwa dzina limene limam'tsata mpaka kumudzi. Mwana wochitidwa zotere kamodzi amaphunzira msanga kuti chitetezo chake chili m'kukhala chete ndi m'kufuula "eee" pamodzi ndi anzake. Mphunzitsi amene wasekerera kunyozedwa kwa mwana wolemba 35 uja wadzitsekera yekha zenera limene akadaonera m'mutu mwa ana ena 40 olakwa mofananamo. Kumufunsa mwanayo mofatsa mmene wapezera, kuyamika mbali imene wakhoza, ndi kumulola kuti akonze yekha, kumauza kalasi lonse kuti kulakwa poyera si mlandu. Mwambi wakuti safunsa adadya phula umanenedwa kawirikawiri kwa ana, koma m'kalasi momwe wofunsa amasekedwa ana amasankha phulalo.

Chodandaula china n'chakuti nthawi ndi yochepa, mitu ya silabasi ndi yambiri, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 sadikira munthu. Dandauloli ndi lomveka, ndipo mphunzitsi wamkulu amene amangowerenga mitu yotsirizidwa ali ndi gawo lake pa mlanduwu. Koma mutu wochongedwa m'buku la mphunzitsi uli wosamveka kwa ana umabweranso. Mwana amene sadamve kubwereka adzakhumudwa pa kugawa, adzakhumudwanso pa masamu a ndalama ndi a miyeso, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 7 adzataya masabata akukumba maziko amene akadakonzeka ndi mphindi 10 ndi mtolo wa timitengo.

Makoleji a aphunzitsi, monga a Blantyre, Lilongwe, Kasungu, Karonga ndi Machinga, ndiwo ali ndi mpata waukulu wosintha chizolowezichi. Kuyambira mu 2005, pamene maphunziro a IPTE adakhazikitsidwa, ophunzira uphunzitsi amakhala nthawi yaitali m'sukulu zenizeni akuyesera ntchito, ndipo ndi m'miyezi imeneyo mmene zizolowezi za moyo wonse zimamera. Wophunzira akadziwa kuti kukubwera womuyendera, amakonza phunziro lokongola: tchati chojambulidwa bwino, nyimbo yoyambira, magulu okhala mozungulira, ndi mafunso amene ana adawayeserera dzulo lake. Woyenderayo akangoyang'ana kavalidwe, kalembedwe ka pabolodi ndi kukweza kwa liwu, adzapereka malikisi abwino kwa munthu amene sadziwa ngati ana amva. Kukadakhala bwino woyenderayo akadakhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, kuwerenga ana angati osiyana amene afunsidwa, kuyesa pawotchi nthawi imene wophunzirayo amadikira, ndipo pamapeto kutola makope atatu a pamzere wotsiriza n'kumufunsa kuti afotokoze chifukwa chimene mwana aliyense walakwira pamene walakwirapo.

Gawo lotsatira lidzanena za kachongedwe ka makope m'kalasi lalikulu, ndi zimene mphunzitsi angalembe pambali pa mtanda wofiira uja.